PS5 Slim yolowa disc patatha miyezi 9, komanso nkhani ya magemu omwe timalipira koma si athu

Ndakhala ndi PS5 Slim (mashini a magemu a PlayStation 5 a kampani ya Sony) yolowa disc kwa miyezi 9 tsopano nde ndati ndilembeko ndemanga chifukwa anthu angapo akhala akundifunsa kuti agule iti, ya disc kapena ya digital ija yopanda polowetsa disc, yotsikirako mtengo. Yankho langa ndi lakuti onjezerani ndalamazo mutenge ya disc basi. Koma ndifotokoze bwinobwino chifukwa nkhaniyi si ya mtengo wokha, funso lenileni ndi loti gemu ukailipira ndi thukuta lako imakhala yakodi kapena wangobwerekedwa.

Ndiyambe ndi mashini enieniwo. Anandigulira achimwene anga omwe amagwira ntchito ku Johannesburg, ine ndinkawatumizira ndalama pang'onopang'ono mpaka zitakwana nkuitumiza pa basi. Slim imeneyi inatuluka mu November 2023, ili ndi malo a 1TB pomwe yoyamba ija ya 2020 inali ndi 825GB, ndipo ndi yaing'onoko moti imakwana pa kashelefu ka pansi pa TV osavutika. Sichita phokoso, gemu imatseguka mwachangu kwambiri, amene munazolowera PS4 mudzadabwa kuti nthawi yodikira ija yapita kuti. Pad yake ya DualSense ndi nkhani ina, mabatani akumbuyo aja amalimba okha ukamakoka uta kapena kuponda mabuleki mu gemu ya magalimoto, umamva m'manja. Ndipo ma disc ambiri a PS4 amagwira bwinobwino, ichi kwa ine ndi chachikulu chifukwa ma disc a PS4 ogwiritsidwa kale ntchito ndi omwe amapezeka mosavuta kuno komanso motchipa. Chimodzi chomwe muyenera kudziwa, polowetsa disc pa Slim ndi pochotseka ndipo pamafunika intaneti kamodzi tsiku loyamba kuti palumikizane ndi mashiniwo, ine ndinangoyatsa hotspot ya pa foni mphindi zochepa zatheka. Kuchokera tsiku limenelo magemu anga a disc ndimasewera netiweki ilipo kapena palibe.

Tsono chifukwa chomwe ndikukakamira pa disc ndi ichi. Ndisanagule iyi ndinali ndi ka console kena ka digital kokhakokha, kopanda polowetsa kalikonse. Ndinakatenga chifukwa kanali kotchipa ndipo nthawi imeneyo ndinkaona ngati ndachita mwanzeru. Kwa zaka ziwiri ndinagulamo magemu 11, ndipo amene mumakhala ku Malawi kuno mukudziwa kuti kugula gemu pa intaneti si kungodina batani ayi, forex ndi yosowa, khadi la kubanki pena limakana, nde umasaka munthu wogulitsa mavocha amadola, iyenso amaikapo yake, ndipo kwacha itagwa ndi 44% mu November 2023 muja zinthu zinangofika pena. Ukamaliza apo ugule bandulo yoti udawunilodire gemu ya 80GB kapena 100GB, uyambe usiku, magetsi azime pakati pa usiku, m'mawa upeze yaima pa 37%. Zonsezo ndinapirira chifukwa mumtima ndinkati ndikusonkhanitsa katundu wanga.

Ndiye mchemwali wanga anafunika fizi mwadzidzidzi, ndinalibe pogwira, ndinati ndigulitse console ndi magemu ake onse. Mnyamata amene anabwera kudzaiona anandiuza mosapsatira kuti achimwene, ine ndikugula bokosi lokhali, magemuwo ali pa akaunti yanu si m'mashinimu, ndikupatsani ya bokosi basi. Ndipo sanalakwe. Magemu a digital sungagulitse imodziimodzi, sungampatse munthu, ndipo kugulitsa akaunti yonse malamulo awo omwe timangovomera osawerenga aja amaletsa, akakutulukira atha kuitseka wogulayo nkutaya zonse. Ndinagulitsa bokosi lokha pa mtengo wozizira, magemu 11 aja mpaka lero ali pa akaunti yomwe ndilibe pomwe ndingaitsegulire. Tsiku limenelo zinandiwawa kwambiri, osati chifukwa cha gemu koma chifukwa ndinkaganiza kuti ndili ndi chinthu chomwe chingandiwombole pa tsiku la mavuto koma ndinalibe. Akuluakulu anati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wapachala ngwamphepo, ndinazimvetsa tsiku limenelo.

Ife tinakula ndi PS2 ndi PS3, CD imodzi inkazungulira dera lonse, lero ili kwa uyu mawa kwa uyo, ikabwerako yakalikakalika koma ikugwirabe. Ukatopa nayo umapita kwa anyamata ogulitsa magemu mtauni kusinthitsa ndi ina nkuonjezerapo kangachepe. Umu ndi momwe ana a anthu osauka tinasewerera magemu omwe sitikanatha kugula atsopano. Digital imapha zimenezi, ndipo makampani akudziwa bwino lomwe kuti ikupha zimenezi, chifukwa disc ikagulitsidwa kachiwiri iwo salandirapo kanthu.

Ndipo musaganize kuti ndife a kuno okha amene timadandaula. Amene munkatsatira mu 2013 mukukumbuka zomwe zinachitika Microsoft italengeza Xbox One. Ananena kuti mashiniwo azifunika kulumikizana ndi intaneti kamodzi pa maola 24 aliwonse, apo ayi magemu ako sasewereka ngakhale a disc omwe, komanso kubwereketsa ndi kugulitsa disc kukhala ndi malamulo ake ovuta. Anthu anakwiya dziko lonse, asilikali okhala kutali, anthu a kumidzi, aliyense wopanda intaneti yodalirika. Bwana wa Xbox nthawi imeneyo Don Mattrick atafunsidwa za anthu opanda intaneti anayankha kuti kwa oterowo kuli mashini awo akale a Xbox 360, mawu amenewo anathira mafuta pamoto. Sony inapezerapo mwayi pa chionetsero chachikulu cha magemu cha E3 cha chaka chomwecho, inalengeza kuti PS4 izilola ma disc ogwiritsidwa kale ntchito, anthu muholo muja kuwomba m'manja ngati timu yagoletsa, mtengonso madola 399 pomwe Xbox One inali 499. Anatulutsanso kakanema kamasekondi ochepa, mkulu wa ku Sony Shuhei Yoshida akungompatsira mnzake wa kuntchito Adam Boyes gemu m'manja kuti kubwereketsa gemu pa PS4 ndi chonchi basi. Pa 19 June 2013 Microsoft inabweza malamulo onse aja, anthu nkuitcha Xbox 180 poti inatembenuka nkubwerera m'mbuyo. Ine nkhani imeneyi ndimaikonda chifukwa imaonetsa kuti osewera akakana onse pamodzi kampani imamva.

Koma chomwe chimandidetsa nkhawa nchakuti zomwe tinakana mu 2013 zija zabwereranso, kungoti pano zikulowa mwakachetechete. Sakukuletsa disc, akungokugulitsa mashini opanda polowetsa. PS5 Pro inatuluka mu November 2024 pa madola 699.99 yopanda polowetsa disc, ukafuna ugule padera pa madola 79.99, ndipo anthu anazithamangira mpaka zinasowa m'masitolo ambiri kunjako, zomwe zikusonyeza kuti ofuna disc tidakalipo ambiri. Xbox Series S ilibiretu ndipo sungaonjezere. Chimodzi chomwe ndikuchotsera malikisi pa ndemanga yanga ndi chimenechi, sindikudziwa ngati mashini otsatira adzakhalenso ndi kakhomo kameneka.

Ndinene chilungamo, disc nayonso masiku ano si chitetezo chokwanira. Nkhani ya The Crew ndi yomwe inatsegula anthu maso. Gemu ya magalimoto ya Ubisoft ya 2014, inkafuna intaneti nthawi zonse ngakhale ukusewera wekha, pa 31 March 2024 anazimitsa maseva ake, basi gemu yafa kwa aliyense, wa digital ndi wa disc yemwe. Uli ndi bokosi m'manja, disc yosakalika, koma sikutseguka. Apa mpamene Ross Scott wa pa YouTube anayambitsa kampeni ya Stop Killing Games, ndipo pofika July 2025 anthu oposa 1 miliyoni anali atasaina chikalata chopita ku European Union. Pempho lawo si lalikulu, sakunena kuti kampani isamalire maseva mpaka kalekale ayi, akungoti ukamasiya gemu uisiye ili yoti amene anagula athe kuisewerabe. Ine ndikanakhala nzika ya kumeneko ndikanasaina tsiku loyamba. Ku California nako anakhazikitsa lamulo mu 2024 loti wogulitsa zinthu za digital asamalembe kuti gula osakuuza poyera kuti ukungolipira chilolezo, ndipo Steam, sitolo ya pa intaneti ya magemu a pa kompyuta, inayamba kulemba zimenezi pamalo olipirira. Taganizani, mpaka pafunike lamulo kuti akuuze zoona za chinthu chomwe ukulipira.

Palinso ma disc ena omwe ndi chigoba chabe. Call of Duty Modern Warfare II ya 2022 disc yake inali ndi ma MB 70 ndi chakuti basi, gemu yonse yopitirira 100GB udawunilode wekha. Kenako Nintendo Switch 2 yatuluka pa 5 June 2025 ndi zinthu zomwe akuzitcha game-key card, kakhadi kooneka ngati ka gemu koma mkati mulibe gemu, ndi kiyi chabe woti udawunilodire. Ubwino wake kakhadiko utha kubwereketsa kapena kugulitsa, pamenepo ndiwayamikire, koma wogulayo afunikanso intaneti ndi malo, ndipo tsiku lomwe maseva adzatsekedwe kaya kakhadiko kadzakhala ka ntchito yanji. Osewera ambiri anadandaula kwambiri, ndipo Cyberpunk 2077 itabwera yonse yathunthu pa khadi la 64GB anthu anaiyamikira ngati chinthu chachilendo, chonsecho ndi momwe zinkayenera kukhalira. Mnzanga wina ali ku Britain anandiuza kuti kwa iye si vuto chifukwa intaneti ya m'nyumba ilibe malire, ndinamuyankha kuti aise, iwe gemu ya 60GB ndi kudikira ola limodzi, ine ndi bajeti ya ndiwo.

Za mpira nazo, poti ambirife ndi zomwe timagulira mashiniwa. Kampani ya EA itasiyana ndi dzina la FIFA nkuyamba EA Sports FC mu 2023, ma FIFA akale anachotsedwa m'masitolo a pa intaneti, sungawagulenso. Koma pitani m'malo osewerera magemu m'matauni athu muone, anyamata akukhomanabe FIFA yakale pa PS4 ndi disc yomweyo, mwini malo akupeza ya ufa tsiku ndi tsiku opanda bandulo iliyonse. Bizinesi ngati imeneyo pa digital yokhayokha ingavute kwambiri.

Sindikunena kuti digital ilibe ubwino. Nthawi ya maselo mitengo imatsika kwambiri, tigemu ting'onoting'ono tambiri tabwino sitituluka nkomwe pa disc, ndipo sudzuka kukasintha disc. Inenso pa PS5 yangayi ndagulapo tiwiri ta digital totchipa, koma ndimagula ndikudziwa kuti ndalama imeneyo yapita ngati ya kanema, sindiiwerengera ngati katundu. PS Plus, umembala wa Sony wolipira womwe umakupatsa magemu mwezi ndi mwezi, ndinayesa mwezi umodzi, ndi yabwino ngati muli ndi intaneti yokhazikika, kungoti muzikumbukira kuti magemu a pamwezi aja mukasiya kulipira amatsekeka mpaka mudzalipirenso. Ndipo ubwino wa ya disc ndi womwewu, digital imalowanso, uli ndi njira ziwiri, pomwe ya digital yokha uli ndi sitolo imodzi ndi mtengo womwe akuuzewo.

Kwa amene mukufuna kugula, mukamatenga disc yang'anani kuseri kwa bokosi ngati alemba kuti pakufunika intaneti kapena dawunilodi, funsaninso kwa amene anaisewerapo ngati gemu yonse ilimo. Spider-Man 2 mwachitsanzo ine ndinaiyika ndi kuimaliza yonse kuchokera pa disc osalumikiza kalikonse, God of War Ragnarök chimodzimodzi. Ngati mukuitanitsa kwa abale ku South Africa auzeni momveka kuti yolowa disc, chifukwa mabokosi ake amafanana ndipo munthu wosasewera magemu angokutengerani yotchipayo poganiza kuti wakuthandizani. Gulaninso kotetezera magetsi, mukudziwa momwe amabwerera akazima.

Pano ndili ndi ma disc 7, anayi ndinagula kwa anthu, imodzi ndinasinthana ndi mnzanga wa kuntchito. Spider-Man ija ili kwa mwana wa achemwali anga ku Area 25 sabata yachitatu ino, bambo ake anamugulira PS5 yakeyake ya disc nditawauza nkhani yangayi, wandiimbira dzulo kuti amalume ndatsala pang'ono kumaliza ndibweretsa Loweruka, ndamuuza kuti akabwera adzatengenso God of War.