Maule kapena Manoma: womwetsa zigoli alowere kuti?

Mu minibasi yochoka ku Limbe kupita m'tauni mkangano unali umodzi: mnyamata womwetsa zigoli wochokera ku timu yaing'ono, akafunidwa ndi zimphona zonse za mu Blantyre, Bullets (Maule) ndi Wanderers (Manoma), asainire kuti?

Ku Bullets akapeza timu yozolowera zikho. Maule anatenga ligi ya TNM kasanu motsatizana, kuyambira 2018 mpaka 2023, ndipo mu 2023 kochi wawo Kalisto Pasuwa anasesa zikho zinayi. Womwetsa zigoli Gabadinho Mhango anachokera komweko popita ku Bloemfontein Celtic ya ku South Africa mu 2013, choncho maso a akunja amayang'ana kumeneko. Vuto ndi benchi. Kochi wa Maule akafanana mphamvu masewero awiri, ku Ndirande anthu sagona, ndiye amadalira akatswiri amene akuwadziwa kale. Mlendo amalowa kwatsala mphindi khumi, akaphonya chigoli chimodzi basi wasanduka wotenthetsa mpando.

Kwa Manoma moto wake ndi wina. Atatenga ligi mu 2017 anakhala zaka akuonera anzawo akuvina, ndipo njala yotero imapsereza makochi. Kochi watsopano amabwera ndi anthu ake, kochi amene anakusainitsa uja atalongedza kale.

"Achimwene, ndalama ndi zimene zimayankhula," anatero kondakitala akuwerenga chenji. Sananame.

Ine ndikanamuuza apite kumene akasewere mphindi 90 Loweruka lililonse pa Kamuzu Stadium, ndipo kwa mnyamata wongoyamba ndikuona ngati ku Lali Lubani, kwawo kwa Manoma, khomo lake limatseguka msanga. Bambo wina wa jezi yofiira ya Maule anandiyang'ana moipa mpaka pa Ginnery Corner.