Mabering'i a Crankshaft pa Injini Yowonjezeredwa Mphamvu: Aluminiyamu, Mkuwa ndi Mtovu, Kapena Okutidwa

Munthu amene akumanga injini kuno ku Harare, kaya ndi m'galaja ya ku Gazaland ku Highfield kapena ku Msasa, akafika pa mabering'i a crankshaft ndi a conrod (chitsulo cholumikiza pisitoni ndi crankshaft) amakhala ndi mitundu itatu yoti asankhepo. Ambiri mwa ife timathamangira bokosi lolembedwa kuti ndi la mpikisano, poganiza kuti chodula ndicho cholimba, pamene mtundu uliwonse unapangidwira ntchito yake.

Mtundu woyamba ndi wa zitsulo ziwiri, umene amakaniko amautcha bimetal. Kumsana kwake kuli chitsulo cholimba, ndipo pamwamba pali aluminiyamu wosakanizidwa ndi tin komanso silicon. Injini zambiri za galimoto zochokera ku Japan zimabwera ndi mabering'i otere, ndipo kampani ya Taiho, imene imapangira Toyota, ndi imodzi mwa zodziwika nawo. Aluminiyamuyo ndi wochindikala, choncho ngakhale ataperepeseka pang'ono, crankshaft imakhudzabe chitsulo chomwecho. Sadyeka msanga ndi oyilo wokhalitsa, ndipo silicon amasalaza crankshaft ya cast iron m'malo moikanda. Kufooka kwake kumaonekera pamene pisitoni ikumenya mwamphamvu kuposa mmene fakitale inakonzera: aluminiyamu amatopa, amang'aluka timing'alu, kenako amayamba kusupuka.

Mtundu wachiwiri, wa trimetal, ndi umene uli m'mabokosi a ACL Race Series a ku Australia, a King XP a ku Israel, ndi a Clevite H a kampani ya Mahle. Pamwamba pa chitsulo cha kumsana pali mkuwa wosakanizidwa ndi mtovu, umene umasenza katundu wolemera kuposa aluminiyamu, ndiyeno pamwamba penipeni pali kachikopa kofewa ka mtovu ndi tin. Pa mabering'i a mpikisano kachikopa kameneka amakapanga kopyapyala dala, pafupifupi mamilimita 0.013, chifukwa kakachindikala kamatopa msanga. Apa ndi pamene tiyenera kuganiza mofatsa ife okhala m'dera la fumbi. Kamchenga kakalowa mu oyilo, chitsulo chofewa ndicho chimayenera kukameza kuti kasakande crankshaft, koma kachikopa kopyapyala chotere sikangameze kanthu kokulirapo kuposa iko komwe. Injini yomangidwira pabwalo m'mwezi wa Seputembala, mphepo ikuulutsa fumbi, buloko yake osatsukidwa bwino m'njira za oyilo, idzalemba mizere pa mabering'i odulawo isanayende n'komwe mtunda wautali. Chabwino chake n'chakuti mtundu umenewu umachenjeza: mukadula fyuluta ya oyilo n'kupezamo tizidutswa tofiirira tonyezimira, dziwani kuti mkuwa wafikidwa ndipo sampu iyenera kutsitsidwa.

Pakati pa ACL, King ndi Clevite sindiona kusiyana koti n'kukanganirapo. Onse atatu amasenza mphamvu yoposa imene injini zathu zambiri zingatulutse, choncho sankhani amene mungawapeze pa saizi yanu kwa wogulitsa wodalirika, poti mabokosi achinyengo nawonso amayendayenda pamsika.

Mtundu wachitatu ndi trimetal yomweyo yokutidwa ndi polymer (mtundu wa pulasitiki) woterera, monga King XPC. Chokutiracho chimateteza pa masekondi oyamba injini ikangolizidwa oyilo asanafike, komanso pamene oyilo wathawira mbali imodzi ya sampu pokhota mwaliwiro. Kwa galimoto yozungulira pa bwalo la mpikisano la Donnybrook imene imakhala milungu ingapo osalira, ndalama yowonjezerayo si yotayika. Kwa galimoto yopita kuntchito tsiku lililonse, ndalamayo ndi bwino ipite ku pampu ya oyilo yatsopano.

Pali chinthu china cha kuno chimene sitichiwerengera kawirikawiri. Harare ali pamtunda wa mamita pafupifupi 1,500 kuchokera pa nyanja yaikulu, ndipo mpweya wake ndi wopepuka, moti injini yopanda turbo imataya pafupifupi 15 peresenti ya mphamvu imene ikanatulutsa ku Durban, m'mphepete mwa nyanja. Choncho injini ya 3S-GE ya Toyota Altezza imene yangosinthidwa ma camshaft ndi ekizozi siilemetsa mabering'i ake kwambiri pa kuphulika kwa petulo, ndipo bimetal yeniyeni ingaikwanire, pokhapokha mwini wake atakweza malire a rpm, pakuti kukoka kwa pisitoni ndi conrod kumakula ndi liwiro mosasamala za mpweya. Turbo ndiyo imabweza mpweya wosowawo n'kuwonjezanso, ndipo pa injini ya 1JZ, 2JZ, SR20DET kapena EJ20 yokwezedwa boost (mpweya umene turbo imakankhira mu injini), makamaka ngati kompyuta ya injini sinakonzedwe bwino ndipo injini ikugogoda, bering'i ya pamwamba ya conrod ndiyo imalandira nkhonya zonse. Pamenepo ine sindingaikemo china koma trimetal.

Mtundu uliwonse umene mwasankha, mpata wa oyilo pakati pa bering'i ndi crankshaft ndiwo umagamula nkhani. Poyambira amakaniko amawerengera mamilimita 0.025 pa mamilimita 25 aliwonse a kukula kwa journal (gawo la crankshaft limene limazungulira m'bering'i), n'kuwonjezerapo pafupifupi 0.013 ngati injini ndi ya mpikisano. Journal ya conrod ya 2JZ ndi mamilimita 52, ndiye kuti mpata wake uyambire cha pa 0.052. Mabering'i a ACL ndi a Clevite olembedwa HX amawonjezera mpata ndi 0.025 poyerekeza ndi a H, ndipo ena amaphatikiza theka la H ndi theka la HX kuti apeze mpata wa pakatikati. Musagule HX chifukwa mnzanu anagula. Mpata waukulu umafuna oyilo wolemera, ndipo injini ikatentha muli pamzere wa galimoto mu msewu wa Simon Mazorodze madzulo, mudzaona muvi wa oil pressure ukugwa. Yezani journal ndi micrometer, ndipo m'kati mwa bering'i ndi bore gauge, mabawuti atamangidwa pa torque yake. Plastigauge, kaulusi ka pulasitiki koyezera mpata, ikhale yongotsimikizira.

Ngati crankshaft yapalidwa ndi mamilimita 0.25 kapena 0.50, funsani wa makina ngati wasunga kupindika kwa m'mphepete mwa journal, ndipo muyang'ane kuti bering'i siikukwera pamenepo, chifukwa ma crankshaft a mpikisano okhala ndi m'mphepete mokulirapo amafuna mabering'i ocheperako m'lifupi. Mukasinthanso mabawuti a conrod n'kuika a mpikisano a kampani ya ARP, bowo la conrod liyezedwenso, pakuti kumanga kwawo kwamphamvu kumatha kulipotoza, ndipo m'bowo losazungulira bwino bering'i ya mtundu uliwonse imadyeka mbali imodzi.