Ufa wa moringa sungalowe m'malo mwa mapiritsi owonjezera magazi

Mumsika waukulu wa Zomba ufa wa moringa, umene ena amati chammwamba, umapezeka m'timabotolo ndi m'timajumbo, wina m'makapisozi, ndipo ambiri amaugula kuti awonjezere magazi. Pa chakudya ndi wabwino ndithu. Koma kwa munthu amene achipatala amupeza kuti magazi ndi ochepa, sukwanira.

Magalamu 100 a masamba ouma amakhala ndi mamiligalamu 25 mpaka 30 a ayironi, michere imene thupi limafuna popanga magazi. Sipuni yaing'ono imanyamula magalamu 2 okha, ndiye kuti ayironi wake ndi theka la miligalamu. Piritsi limodzi lowonjezera magazi la ferrous sulphate la mamiligalamu 200 lili ndi mamiligalamu 65 a ayironi. Kuti mufikepo mungafunike masipuni oposa 100 patsiku. Komanso ayironi wa m'zomera salowa m'thupi mosavuta ngati wa m'nyama ndi nsomba, ndipo mukathira ufawo mu tiyi, monga ambiri amachitira m'mawa, tiyiyo amamanga ayironi kuti asalowe. Uthireni m'phala kapena m'ndiwo mutaphula kale, mufinyiremo ndimu kapena mudye ndi gwafa, tiyi adikire maola awiri.

Pogula yang'anani mtundu. Masamba oumitsidwa pamthunzi amatulutsa ufa wobiriwira bwino. Wotuwa kapena wofiirira anauyanika padzuwa kapena wakhalitsa. Tengani pang'ono mupekese ndi zala: ukamveka mchenga, kapena ukanunkha chuku, usiyeni. Mayi woyembekezera asamwe mizu kapena makungwa a mtengowu.

Chodetsa nkhawa kwambiri n'chakuti ufawu umachedwetsa anthu kupita kuchipatala. Kutopa, chizungulire, mtima kuthamanga, zikhatho ndi m'kati mwa zikope kuyera, zonsezi zimafuna kuyezetsa magazi. Hb, mlingo wa magazi umene amayeza kuchipatala, ikatsika pansi pa 11 kwa woyembekezera, 12 kwa mayi wina aliyense, 13 kwa bambo, magazi achepa. Kuno ku Zomba chomwe chimamaliza magazi nthawi zambiri ndi malungo, njoka za m'mimba ndi likodzo, makamaka kwa anthu a kufupi ndi nyanja ya Chilwa. Likodzolo lisanachizidwe, ngakhale mumwe ufa thumba lonse, magazi azingotayikabe.

Mapiritsi a kusikelo, okhala ndi ayironi ndi vitamini wotchedwa folic acid, ali ndi zovuta zake: chimbudzi chimada, ena amadzimbidwa kapena kuchita nseru. Kuda kwa chimbudziko n'kosaopsa. Nseru ikavuta imwani mutadya kapena pogona, koma musasiye, ndipo magazi akabwerera adokotala amauza munthu kupitiriza miyezi itatu kuti thupi lisunge ayironi. Moringa aziyenda limodzi ndi nyemba, bonongwe, matemba ndi chiwindi. Mapiritsiwo muziika patali ndi ana, chifukwa mwana akamwa ambiri akhoza kumwalira.