Sefa ya makala ya pansi pa sinki: ikuthandiza bwanji pa madzi a khonsolo ya Harare?

M'mahadiweya a m'tauni komanso kwa ogulitsa zamapaipi ku Mbare mukupezeka sefa ya zitini ziwiri zotalika mainchi 10, yomangirira pansi pa sinki. M'chitini choyamba mumakhala kandulo (chosefera chooneka ngati kandulo) woyera wa timabowo ting'onoting'ono ta mamaikironi 5 wogwira matope ndi dzimbiri. M'chachiwiri mumakhala kandulo wakuda wa makala opanikizidwa, amene pa bokosi amalemba kuti carbon block. Ogulitsa ena amati imachotsa mankhwala onse, koma kumeneko n'kukometsa malonda chabe. Ndi sefa yoyenera kugula ngati mwasankha kandulo wolondola ndipo mukumusintha nthawi yake.

Madzi ambiri a mumzinda uno amachokera ku Lake Chivero ndi Lake Manyame, n'kutsukidwa ku Morton Jaffray. Vuto lake n'lakuti Chivero ili kumunsi kwa mzinda, choncho mitsinje ya Mukuvisi ndi Marimba imatsitsira komweko zonyansa za m'masuweji, ndipo ndere zimachita kusangalala nazo. Klorini akakumana ndi zotsalira za ndere ndi zinyalala zowola zimenezi amapha tizilombo ndithu, komanso pamabadwa mankhwala ena amene sanathiridwemo ndi munthu. Odziwika kwambiri ndi ma trihalomethane, mwachidule ma THM, amene wasayansi Johannes Rook anawatulukira m'madzi a ku Rotterdam, ku Netherlands, mu 1974. Alipo anayi, ndipo wochuluka nthawi zambiri ndi chloroform. Bungwe la WHO limati chloroform asapitirire mamaikilogalamu 300 pa lita, pamene bromodichloromethane asapitirire 60. Ku America onse anayi pamodzi saloledwa kupyola 80. Gulu lina ndi ma haloacetic acid. Akafukufuku amaganizira mankhwala obadwa moterewa pa khansa ya chikhodzodzo kwa munthu amene wamwa madzi otere zaka zambiri. Amawonjezekera madzi akakhalitsa m'mapaipi komanso kukatentha, monga mu Okutobala.

Apa abale anga tisasokoneze zinthu. Klorini si mdani. Kolera ya 2008 mpaka 2009 inapha anthu oposa 4,000 m'dziko muno la Zimbabwe, ndipo ya 2018 inasautsa ku Glen View ndi Budiriro. Ma THM angavulaze pang'onopang'ono pa zaka, kolera imagwetsa munthu tsiku lomwelo. Ntchito ya sefayi ndi kuchotsa zotsalira za klorini pamapeto penipeni, madzi atayenda kale ndi chitetezo chake m'mapaipi athu odonthawa.

Pa fungo ndi kakomedwe, sefayi imagwira ntchito yooneka. Thirani madzi osefa m'kapu, ponyanimo piritsi la DPD 1 logulidwa kwa ogulitsa mankhwala a madamu osambira: madzi a pampopi okhala ndi klorini amasanduka apinki, osefa amakhalabe oyera. Koma msampha uli pomwepa. Makala amapitiriza kuchotsa klorini nthawi yaitali, pamene ma THM amawadzaza msanga n'kuyamba kudutsa madzi akukomabe bwinobwino. Lilime silingakuuzeni kuti kandulo watopa. N'chifukwa chake pogula muwerenge bokosi. Chizindikiro cha NSF/ANSI 42, chosonyeza kuti sefa inayesedwa pa muyezo wa ku America, chikunena za fungo ndi kakomedwe basi. Funani cha NSF/ANSI 53 cholembedwa kuti VOC (mankhwala ouluka msanga) kapena TTHM (ma THM onse pamodzi), pakuti poyesa ma VOC amagwiritsa ntchito chloroform yemweyo. Makandulo ambiri otchipa alibe chizindikiro chilichonse, ena ndi makala a mibulu ongokhuthulidwa m'kachitini, moti madzi amadzipangira kanjira n'kumadutsa osakhudzana nawo mokwanira. Amenewo asiyeni pa shelefu.

Kumanga kwake n'kosavuta kwa pulambala. Imalumikizidwa ku paipi ya madzi ozizira okha, chifukwa madzi otentha amachititsa makala kulavula zimene anagwira. Muvi wa pa chivundikiro uloze kumene madzi akupita, kandulo woyera akhale woyamba. Kamphira kozungulira ka pakamwa pa chitini kapakeni girisi wa silicone, osati Vaseline amene amakafufumitsa. Mangani ndi dzanja, sipanala yapulasitiki ija ndi yomasulira. Malita 10 oyamba tayani kapena thirirani maluwa, amatuluka akuda ndi fumbi la makala. Musatsegule mpopi mpaka kumapeto. Malita awiri pa mphindi ndiye mlingo wabwino, kutanthauza kuti chigubu cha malita 20 chidzaze pa mphindi 10. Chikadzaza pa mphindi zitatu, madziwo angopsopsona makala n'kudutsa.

Pamene sefayi imafooka ndi pa kadulidwe ka madzi kathu kano. Mpopi ukauma masiku anayi, madzi otsalira m'chitini amakhala opanda klorini, ndipo mabakiteriya amaswana pa makala onyowawo. Tsiku lobwera madzi, oyambirira amakhala ofiirira ngati tiyi, okhoza kutseka kandulo woyera m'mawa umodzi. Muike vavu patsogolo pa sefa n'kumaitseka madzi akapita. Akabwera, tsegulani kaye mpopi wapanja mpaka ayere, kenako tsegulani vavuyo n'kutaya malita asanu oyamba. Kandulo woyera musinthe akangoda kapena madzi akayamba kutuluka mwaulesi. Wakuda asapitirire miyezi isanu ndi umodzi kapena malita olembedwa pa bokosi, chimene chayamba kukwana. Lembani deti pa chitinipo ndi maka.

Madzi osefa musawasunge m'ndowa kwa masiku, popeza mwawavula chitetezo. Sefani okwanira tsiku limodzi, m'chigubu chotsuka chokhala ndi chotsekera. Ndipo amayi amene mumatunga pa mjigo kapena pachitsime ku Epworth ndi Hopley, sefa iyi si yanu: makala sapha tizilombo. Madzi amenewo asiyeni adikhe kaye, asefeni pa nsalu yoyera, kenako thiranimo WaterGuard kapena Aquatabs motsatira mlingo wolembedwa n'kudikira mphindi 30. Kuthira klorini m'madzi amatope ndiko kumachulukitsa ma THM.

Amene ndalama ya sefa sanaipeze angathe kuwiritsa madzi a khonsolo m'poto wosavundikira, zenera lili chitsegukire, pakuti ma THM amauluka ndi nthunzi. Ma haloacetic acid ambiri sauluka, amatsalira m'poto momwemo, choncho musawiritse mpaka madzi kuphwera.