Envoy kapena SkyWest: woyendetsa ndege wongoyamba alowe kuti?

Ku America, ambiri amayambira ku makampani a ndege zing'onozing'ono. Envoy ndi ya American Airlines, ndipo oyendetsa ndege ake ali mu ALPA, yuniyoni kapena kuti bungwe loimira oyendetsa ndege pa nkhani za ntchito. Mu 2022 malipiro a wongoyamba anafika madola 90 pa ola; dziwani kuti maolawo amawerenga ndege ikachoka pa geti, nthawi yodikira pabwalo saiwerengamo. Nthawi yako ikakwana umasamukira ku American, koma pamzerepo umadikira zaka.

SkyWest, ya ku St. George, Utah, imanyamula anthu m'malo mwa makampani akuluakulu a United, Delta, American ndi Alaska. Nayo inakweza malipiro chaka chomwecho, koma kulibe yuniyoni. Bwana akakuitanira mu ofesi pa mlandu, loya wa bungwe palibe. Ineyo pamenepo mpamene ndimaopa.