Ndemanga yanga ya kiliniki ya mafizo: nyenyezi 4 pa 5, kakolo wanga wabwerera

Papita miyezi iwiri chibwerereni pa bwalo nde ndati ndilembe zimene ndinaona ku kiliniki ya mafizo komwe ndinkapita, chifukwa amwali anga a mu timu akungondifunsa funso limodzimodzi, kuti kodi dola ija inagwira ntchito kapena anangokudyera. Ndawapatsa nyenyezi 4 pa 5. Imodziyo ndawachotsera dala ndipo ndinena chifukwa chake, nchifukwa chakenso dzina la malowo sinditchula, ingodziwani kuti ndi kiliniki ya pulaiveti konkuno ku Lilongwe basi.

Ine ndimamenya netball ya sosho, ndimasewera pa senta, zaka 31. Sindine wa Blue Eagles Sisters kapena Civonets ayi kkkk, ndife aja timakumana Loweruka masana pa kabwalo ka simenti ku Area 25 tikamaliza zochapa. Tsiku limene ndinavulala inali kota yachitatu, ndinadumpha kuti ndiwakhe mpira ndipo potera ndinaponda phazi la mnzanga amene ankandimaka, langa linapindikira mkati thupi lonse nkutsamira kunja kwa kakolo, ndinachita kumva kuti thyo. Ndinakhala pansi pompo, misozi yokha kutuluka osaitana.

Kunyumba ndinapeza azakhali anga ali tcheru. Anatereka madzi, kundithowa ndi kansalu madzi ake otentha kwambiri, kupaka Deep Heat, kenako nkuyamba kukoka phazi ati libwerere m'malo mwake. Ndinakuwa mpaka aneba anasuzumira pa mpanda. Kutacha kakolo anali ngati dzungu, kuda bii mpaka ku zala. Ndinakwera kabaza kupita ku chipatala, anajambula X-ray nkunena kuti fupa silinathyoke, mwangobinya, nayi bandeji ndi bufeni kapumeni. Nde ine kumva kuti fupa lili bho ndinangoti basi nkhani yatha. Patatha masabata atatu ululu unazilala, ndinavala nsapato kubwerera pa bwalo, kota yoyamba isanathe phazi lomwe lija linapindikanso, ulendo uno popanda kuponda munthu, palibe anandikhudza, ndinangotembenuka kuti ndiponye mpira basi pansi khu. Apa mpamene mnzanga wina wa unamwino anati iwe usamachite masewera, pita ku mafizo.

Kunena zoona ine mafizo ndinkaona ngati ndi za agogo amene achita sitiroko kapena anthu a ngozi za pamsewu, olo masaji a anthu a ndalama. Ulendo woyamba ndi umene unandisintha maganizo ndipo pa ulendo umenewu wokha ndikanawapatsa nyenyezi zonse zisanu. Adokotala ake ndi mayi wachitsikana ndithu, anaphunzira ku College of Medicine ku Blantyre kumene pano akuti KUHeS, satifiketi ya Medical Council of Malawi ili pakhoma poonekera, ndinaiwerenga ndithu poti masiku ano aliyense wogula tebulo la masaji akudzitcha wa mafizo. Anakhala nane pafupifupi ola lathunthu. Asanagwire mwendo anayamba ndi mafunso, phazi linapindikira mbali iti, munatha kuyenda masitepe anayi mutangovulala, munabinyapo kale mwendo umenewu, mumavala nsapato zanji posewera. Nditawauza za kuthowa ndi kukoka kuja anangogwira pakamwa nkuti, "Achemwali, masiku atatu oyamba madzi otentha, kutikita ndi mowa zimangoonjezera kutupa, mkatimo mumakhala mukutuluka magazi. Pamafunika ayisi wokulunga pa nsalu, mphindi 15 kapena 20, bandeji, mwendo m'mwamba."

Kenako anandiimika moyang'ana khoma, phazi pansi chidendene osadzutsa, nkuti gundani khoma ndi bondo, uku akusuntha phazi pang'onopang'ono kubwerera m'mbuyo ndi tepi yoyezera ili pansi. Mwendo wabwino chala chachikulu chinafika masentimita 11 kuchoka pa khoma bondo likugundabe. Wovulala uja 4 basi, kupitirira apo chidendene chimanyamuka chokha. Atatero anati imani ndi mwendo umodzi mutsinzine. Wabwino ndinaima masekondi 30 ndikucheza nawo. Wovulala, abale, masekondi 5 sanakwane ndinali nditagwira kale phewa lawo ngati woledzera wa ku Bwandilo. Ndipo kumbukirani apa nkuti ululu ndilibe kwenikweni, ndikuyenda bwinobwino kupita ku ntchito.

Mmene anandifotokozera ndi mmene ndikanakonda wina akanandiuza tsiku loyamba lija. Ati kunja kwa kakolo kuli timitsempha titatu tomanga mafupa, ndipo kakutsogolo, amakatchula ATFL, ndi kamene kamayamba kung'ambika phazi likapindikira mkati. X-ray imaonetsa mafupa, timitsempha iti siioneka, nde kumva kuti fupa lili bwino sikutanthauza kuti palibe chang'ambika. Chinanso, mu timitsemphamo muli tinthu touza ubongo mmene phazi laimira, tikaonongeka uthenga umachedwa, nde pamene ubongo ukuti tiongole phazi nkuti wagwa kale. Ululu umatha msanga koma ichi sichibwerera chokha, umachita kuchiphunzitsanso. Anati mpaka anthu 4 pa 10 alionse obinya kakolo amatsala ndi vuto lomangobinyabinya. Ine ndinali kale pa mzere umenewo.

Ntchito yeniyeni inali yotopetsa, ndisakunamizeni. Sabata zoyamba kulemba afabeti m'malere ndi chala chachikulu cha kuphazi, A mpaka Z, kukoka lastiki ndi phazi kupita kunja, kudzutsa zidendene nditagwira mpando. Lastiki yawo ija amagulitsa modula nde nditadandaula anandiuza okha kuti kapezeni chubu chakale cha njinga kwa okonza njinga mudule, chimagwira ntchito chimodzimodzi, apa anandisangalatsa chifukwa wina akanangoti gulani yathu. Za ayisi nazo, magetsi akazima kwathu filiji imasungunuka zonse, ndinkagula ma freezes kwa aneba amene ali ndi sola nkukulunga pa chitenje, akasungunuka ana amamwa, palibe chotayika. Kenako tinafika poima ndi mwendo umodzi potsuka mano, m'mawa ndi madzulo, kenako pa pilo, kenako pa kathabwa kogwedera ka ku kiliniki kaja iwo akundiponyera mpira kumanzere kumanja ine ndikuwakha. Ankajambula kavidiyo pa foni yanga ndikuchita ekisesaizi iliyonse kuti ndikafika kunyumba ndisaiwale, ndipo ndikafunsa pa WhatsApp ankayankha, pena mochedwa usiku koma ankayankha.

Tsopano nyenyezi ija ndachotsa. Maulendo awiri, wachinayi ndi wachisanu, ndinafika pa nthawi imene tinapangana nkupeza adokotala anga kulibe, palibe anandiimbira. Ulendo woyamba ndinadikira pa benchi kupitirira ola, nditapempha kale kwa abwana ku ntchito kuti ndibwera msanga, mapeto ake anandipatsa mnyamata wina wothandizira amene sanawerenge nkomwe fayilo yanga, anangondigoneka nkundimata timawaya ta makina onjenjemeretsa aja a TENS, mphindi 20 iye ali pa foni, basi mwatha mayi. Mtengo womwewo! Makinawo amangochepetsa ululu kwa kanthawi ndipo ine ululu sunali vuto langa, ndinabwerera mphamvu ndi balansi. Ulendo wachiwiri zomwezo. Ndinakalankhula pa risepushoni mwaulemu koma mosabisa mawu, anapepesa ndipo ulendo wotsatira sanandilipiritse, chabwino, koma transipoti ya minibasi ziwiri kupita ziwiri kubwera ndi theka la tsiku la ntchito palibe anandibwezera. Nde mukamabukitsa funsani kuti akakuoneni ndi ndani, ndipo muimbe m'mawa wa tsikulo kutsimikiza. Komanso chipinda chochitira ma ekisesaizi nchaching'ono, mukakhala atatu mumachita kupatsana mpata, ndipo katani yotchinga pogona ija siifika kumapeto, kwa ife azimayi sizikhala bwino.

Pa mtengo sindinama, ndi wowawa. Maulendo onse ndikaphatikiza ndikanagula nsapato zabwino za netball mapeya angapo nkutsala chenji. Amalandira Airtel Money ndi Mpamba, amene muli pa sikimu ya zachipatala yambani mwafunsa ngati sikimu yanu imalipira mafizo komanso maulendo angati. Chimene ndinayamikira nchakuti nditawauza kuti thumba lafooka sanandikakamize kubwera kawiri pa sabata, anati bwerani kamodzi pa masabata awiri bola homuweki muzichita, ndipo ankadziwa ndikanama, khoma lija ndi tepi sizinama. Ku Kamuzu Central kulinso dipatimenti ya mafizo kwa amene pulaiveti siingatheke, musangokhala kunyumba poti ndalama palibe.

Pomwe tinayambana ndi sabata yachisanu ndi chimodzi. Timu yathu inaitanidwa ku kabonanza, ine ndikuthamanga bwinobwino, kutupa kulibe, amwali akuti senta wathu bwera tikufuna iweyo. Ndinapita ku kiliniki ndili ndi chimwemwe kuti akangondimata tepi ndikasewere. Anati tiyeni panja. Pa malo oimika magalimoto anajambula mzere ndi choko nkuti dumphani ndi mwendo umodzi patali mmene mungathere, mutere ndi womwewo ndipo muime nji masekondi awiri. Wabwino ndinadumpha nkuima ngati Queen weniweni. Wovulala mtunda unaperewera ndithu ndipo potera ndinachita kadansi, kudumphadumpha kawiri nkuponda ndi mwendo winawo. Anandiyang'ana nkuti, "Achemwali, pa bwalo apa wapherembe waimba kale kuti mwayenda ndi mpira, nde onjezani munthu akukukankhani. Ine sindikuletsani, mwendo ndi wanu, koma mukandifunsa ndikuti ayi. Wovulalawu ufike kaye 90 pa 100 ya mnzakewo."

Ndinakwiya, shuwa. Ndinatuluka osatsanzika bwino, mu minibasi ndikungoti awa akufuna ndizibwerabe azidya ndalama zanga. Usiku anatumiza meseji, osati yonyengerera, anangondikumbutsa za Mwawi Kumwenda, kuti anavulala bondo mu 2018 ali ku Melbourne Vixens, World Cup ya 2019 ku Liverpool inamudutsa ma Queens akusewera iye kulibe, koma mu 2020 Vixens inatenga chikho iye nkusankhidwa wosewera bwino pa fainolo. Nde anati ngati Mwawi anadikira World Cup imudutse, inu bonanza ya mbuzi ndi ma kreti a zakumwa ikukuvutani chani. Ndinaseka ndekha pa bedi mkwiyo nkuthera pomwepo. Ku bonanza ndinapita ndithu koma ndinali wosunga zikwama ndi madzi.

Masabata anayi otsatira ndi amene ndinawakonda kwambiri chifukwa zinayamba kufanana ndi netball yeniyeni. Kudumpha kuchoka pa sitepe nkutera mofewa mawondo atapindika, kudumpha cham'mbali uku ndi uku pa mzere, kuthamanga mozungulira mabotolo awiri ngati ukulemba 8, kuthamanga nkuima mwadzidzidzi iwo akaomba m'manja, kuwakha mpira m'malere nkutera ndi mwendo wovulala nkutembenuka pomwepo. Anaonanso kuti ndikatera bondo langa limagwera mkati, ati zimenezi ndi zimene zimadula mtsempha wa mu bondo wa ACL womwe unavuta Mwawi uja, nde anaonjezera za m'chiuno ndi matako, ma squat ndi kuyenda chammbali chubu chili m'miyendo, zowotcha koopsa. Nsapato zanga zija anazikana, zinali zothamangira za pa kaunjika zapansi pake potalika ndi pofewa, ati pa netball pamafunika yapansi polimba yogwira phazi m'mbali.

Sabata ya khumi tinabwerezanso zonse. Khoma masentimita 10. Kutsinzina masekondi 30 osagwira munthu. Kudzutsa chidendene ndi mwendo umodzi ka 25. Kudumpha kuja ndinatera nkuima nji, anayeza ndi tepi kawiri nkuti mwadutsa. Olo apo sanati kaseweretu gemu yonse ayi, anati sabata yoyamba ma tirening okha opanda wokumaka, kenako kota imodzi, kenako ziwiri, ndipo mukaona kutupa m'mawa mwake bwererani sitepe imodzi m'mbuyo. Anandiphunzitsa kumata tepi ndekha koma anati kachingwe komanga kakolo kogula kamodzi nkotchipa kuposa kumangogula tepi sabata iliyonse, ndizivala posewera kwa miyezi yosachepera 6.

Gemu yoyamba mantha analipo, mpira woyamba wa m'mwamba ndinangousiya udutse amwali mpaka kundikuwiza. Wachiwiri ndinadumpha, kutera, phazi linakhala. Pano ndamenya magemu asanu ndi awiri athunthu, kukazizira m'mawa kakolo amalimba pang'ono koma ndikazungulitsa phazi zimatha. Timu yonse tsopano ndimaiimitsa ndi mwendo umodzi tisanayambe, amadandaula kuti ndasanduka kochi wosalipidwa. Azakhali anga nawo anabwera kudzaonerera Loweruka lapitali, tikutuluka ndinawamva akuuza mayi wogulitsa mandasi pa geti kuti mwana uyu mwendo wake ndinauchiza ndine ndi madzi otentha.