Ndinapita ndi makobiri a agogo ku shopu yogula ndalama zakale kuno ku Joni

Agogo anga aamuna anatisiyira chitini chodzadza ndalama zachitsulo, zina za nthawi ya chitaganya zina anabwera nazo kuchokera ku migodi mmene ankapita pa Wenela. Chakhala mu sutikesi ya amayi zaka zambirimbiri mpaka pa Khrisimasi pomwe mlamu wanga anangoti kakaka kuti mmenemo muli chuma, eti anaona pa Facebook kuti kobiri lobooka pakati lija azungu akugula ndalama yoti munthu nkugulira galimoto. Ndiye ndinabwera nacho ndipo Loweruka lapitali ndinapita nacho ku kashopu kena kogula ndi kugulitsa ndalama zakale.

Malowo ndi aang'ono, umayamba waliza belu kenako amakutsegulira geti. Eni ake ndi bambo wachikulire ndithu, odekha, ndipo chomwe chinandigwira mtima choyamba nchoti sanandilipiritse kalikonse poona ndalamazo komanso sanapite nazo kuseri, zonse anachitira pamaso panga. Anayala kansalu pa kauntala nkukhuthula chitini chija, ali ndi kagalasi kokuza zinthu, sikelo yaing'ono ndi maginito. Ndalama iliyonse amaigwira mmphepete, osayika chala pankhope yake.

Makobiri obooka aja anawaika pambali msangamsanga. Ndi a Rhodesia and Nyasaland, lalikulu lili ndi njovu ziwiri laling'ono lili ndi akadyansonga, ndipo anandiuza mosabisa kuti anapangidwa ambiri zedi moti akakhala ofufutika ngati athuwa mtengo wake ndi wochepa kwambiri. Apa mpamene anandiphunzitsa chinthu chomwe ndikufuna aliyense amve, ukale pawokha siukweza mtengo ayi. Amaona kuti chaka chimenecho zinapangidwa zingati, ndalamayo yatha bwanji, ndi yachitsulo chanji, komanso ngati alipo anthu oifuna. Anapereka chitsanzo cha R5 ya Mandela ya 2008 ija anthu amasunga pansi pa matiresi, akuti tsiku ndi tsiku kumabwera munthu nayo koma zinapangidwa mamiliyoni, ikakhala kuti yayenda mmanja mwa anthu ndi R5 basi.

Pomwe panali kanthu ndi pa ndalama za ku migodi zija. Ma hafukolona (ndalama ya masheleni awiri ndi theka) a South Africa a nkhope ya King George VI, akuti a chaka cha 1950 kubwerera mmbuyo siliva wake ndi 80 peresenti pomwe kuyambira 1951 anatsitsa kufika pa 50 peresenti, ndiye ngakhale ikhale yofufutika bwanji siliva yekhayo ali ndi mtengo. Imodzi imalemera magalamu 14 ndi kadontho, anaziika pa sikelo nkutsegula kompyuta kundionetsa mtengo wa siliva wa tsikulo nkuwerengera ine ndikuona. Ma tiki, tindalama ta makobiri atatu tija, amati akatenga imodzi aone chaka, atenge ina aone chaka, nditafunsa anati akufunafuna ya 1931 chifukwa chaka chimenecho zinapangidwa zochepa kwambiri ndipo ndi yodula. Mwathu munalibe.

Tsono nkhani yondipweteka ndi iyi. Usiku woti mawa ndipita ndinakwecha ndalama zingapo ndi mandimu ndi phulusa kuti ziwale, mmene timachitira ndi mapoto. Bambo aja atangoziona anapukusa mutu nkundipatsa kagalasi kaja kuti ndidzionere ndekha, pankhope ponse panali timizere ting'onoting'ono ngati pakanda mphaka. Kuda kuja kumene ine ndimati ndi litsiro ndi komwe osonkhanitsa ndalama amakufuna chifukwa kumasonyeza kuti ndalamayo sinakhudzidwe. Anandifotokozera kuti makampani oyeza ngati NGC ndi PCGS a ku America amapereka magiredi kuyambira 1 mpaka 70 nkuitsekera mu kapulasitiki kolimba, ndipo yokwechedwa saipatsa nambala amangolemba kuti inatsukidwa, mtengo nkugwa. Imodzi mwa zomwe ndinakwechazo inali korona (ndalama ya masheleni asanu) ya 1966 yokumbukira tsiku lomwe Malawi anakhala lipabuliki pa 6 July, yaikulu bwino yokongola, ndaiononga ndi manja anga. Chonde abale musatsuke, ngakhale ndi sopo yemwe, ingozisiyani mmene mwazipezera.

Zodandaula zilipo. Mtengo womwe amagulira ndi womwe amagulitsira ndi wotalikirana, ndinaona hafukolona yofanana ndi yanga mu galasi atalemba mtengo wokwera ndithu kuposa womwe anandipatsa, iwo anati lendi ndi phindu zimachoka pamenepo, chabwino ndamva koma munthu uzipita ukudziwa. China nchoti ndalama za kwathu sazilabadira kwenikweni. Za South Africa zili mmatileyi okongola chaka ndi chaka, za Malawi ndi Zambia angoziponya mu bokosi limodzi ndi za maiko ena onse, uzichita kufukula wekha. Za 1964 zija za nkhope ya Kamuzu, sikisi ya tambala, sheleni ya chimanga, ya masheleni awiri ya njovu, anangoti mulibe siliva nkuzikankhira kwa ine. Sankadziwa nkomwe kuti tambala wa pa sikisiyo ndi amene dzina lake linadzakhala pa ndalama zathu mu 1971 titasiya mapaundi nkuyamba kwacha, K2 kusintha ndi paundi imodzi. Ndinachita kuwauza ine, koma anamvetsera bwino mpaka anaitenganso sikisiyo nkuiyang'ana kachiwiri.

Ine ndingapitenso ndipo wina atandifunsa ndingamutumize, chifukwa munthu wosaona mtima akanatha kundiuza kuti zonsezo ndi zitsulo chabe nkutenga siliva uja mwaulere, ine sindikanadziwa. Ndinagulitsa ma hafukolona ofufutika okhaokha, ndalama yake ndatumiza kwa amayi. Za Malawi ndi za chitaganya ndasunga ndipo ndinagula kaalubamu kosungira ndi timakatoni tija tokhala ndi kawindo, anandichenjeza kuti pulasitiki yofewa ija ya PVC imabiriwitsa ndalama pakapita nthawi. Mu bokosi la maiko onse lija ndinafukulamo 5 tambala ya 1971 ya mbalame ya miyendo yaitali ija ndi 20 tambala ya njovu, pano yatsala 2 tambala yokha kuti seti ya chaka chimenecho ikwane. Amene ali nayo kumudzi yosakwecha andisungire, ndikubwera mu Ogasiti.